Mchape wa Magetsi

(Ndi mwezi wa Epulo, m'mudzi wina ku Dowa. M'chigafa, Agogo akusankha fodya wa bale, wofiira uku, wamawanga uko. Mdzukulu wawo wamkazi, amene anaphunzira sayansi ku Zomba, wakhala pabelo, laputopu ili pamiyendo.)

AGOGO: Mkazi wanga, chibwerere dzana sunagwireko tsamba ngakhale limodzi. Wangoti maso tong'o pagalasipo. Kodi muli mwamuna mmenemo? Unene msanga, ndikamusumire kwa amfumu.

MDZUKULU: Mwamuna wanga ndinu nokha, Agogo, ngakhale chitenje simunandigulirepo. Ndili pantchito.

AGOGO: Ntchito yanji yosatulutsa thukuta?

MDZUKULU: Tikusakasaka makemikolo amene angayambitse khansa ya m'mapapo. Tinthu tija timakhala mu utsi, m'fumbi, mu penti, m'mankhwala opopera mbewu.

AGOGO: Ndiye uli nato m'kabokosimo? Choka nako pafupi ndi fodya wanga! Akamumva fungo lachilendo ku Kanengo amubweza, ndipo thiransipoti udzalipira ndiwe.

MDZUKULU: Mulibe chonunkha muno. Muli maina okha, zithunzi za kapangidwe kake, ndi zimene anthu analembapo. Kompyuta imaunika zonsezo n'kutiuza oyenera kuwakayikira.

AGOGO: Dikira kaye. Sununkhiza, sulawa, sugwira. Umangofoletsa maina pamzere, n'kuyang'ana pagalasi, galasilo n'kukuuza amene akupha anthu?

MDZUKULU: Tingatero, koma...

AGOGO: Ha! Mchape wabweranso! Bambo anga ankasimba. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera anyamata ochokera cha ku Mulanje, otchena ngati akalaliki a kwa DC. Mudzi wonse unkafola, iwo n'kumasuzumira pa kagalasi, amvekere uyu ndi mfiti, uyu adutse. Anthu n'kumalipira. Ndiye ine ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ukaphunzire zaung'anga?

MDZUKULU: Mchape akaloza munthu, mlandu watha. Kwa ife kompyuta ikaloza, m'pamene mlandu ukuyamba. Yake ndi kufupikitsa mzere basi.

AGOGO: Ndi wautali bwanji mzerewo?

MDZUKULU: Ku America kuli kaundula wa makemikolo odziwika. Mu 2015 anapitirira 100 miliyoni. Ambiri amangokhala m'mabuku, koma amene ali m'mafakitale, m'minda ndi m'nyumba alipo masauzandemasauzande. Tsono kuyesa imodzi yokha mwachikale kumadya nthawi ndi ndalama. Amatenga mbewa ndi makoswe mazana angapo, n'kumazipatsa kemikoloyo kwa zaka ziwiri, kenako n'kuzing'amba kuti aone ngati zatuluka zotupa.

AGOGO: Zaka ziwiri munthu akudyetsa mbewa? Pamapeto pake amadya ndani?

MDZUKULU: Palibe. Amazitentha.

AGOGO: Amaziwamba?

MDZUKULU: Amazitentha mpaka phulusa.

AGOGO: Mbewa zonona, zosathawapo lupsa chibadwire! Anthu amenewa kumwamba akalowera pawindo. Komatu zimenezo n'zathu zomwe. Kale pakavuta mlandu, mwavi ankamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu. Ikasanza, mwini wake wapulumuka. Ikafa, wagwidwa. Inu mwangochotsa nkhuku n'kuikapo mbewa, n'kuvala makhoti oyera.

MDZUKULU: Mwavi unkamvera dzanja la wosakaniza. Ife timasunga gulu lina la mbewa losapatsidwa kanthu, lodya zofanana, logona mofanana, kuti tiyerekeze. Kodi a mwavi ankamwetsako nkhuku ina madzi okha?

AGOGO: Akanatero ntchito ikanawathera. Chabwino. Nanga galasi lakolo, poti silidyetsa mbewa, limadziwa bwanji?

MDZUKULU: Choyamba limayang'ana nkhope. Taonani apa.

AGOGO: Ima ndivale mandala anga. Eee. Timphete tisanu tomamatirana. Ameneyu ndiye chigawenga? Akuoneka wofatsatu.

MDZUKULU: Dzina lake ndi benzo-a-pyrene. Amabadwa paliponse pamene chinthu chikupsa mofuka: malasha, nkhuni, dizilo, fodya. Kuti agwidwe panapita zaka zoposa 150. Mu 1775 dokotala wina wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti amene ankalowa m'machumuni ali anyamata kukapala mwaye ankadwala khansa ya kumalo obisika. Anakayikira mwaye, koma chimene chinali m'mwayemo sanachidziwe. Mu 1915 ku Japan, Katsusaburo Yamagiwa anapaka phula la malasha m'makutu mwa akalulu kwa miyezi yambiri, mpaka khansa inatuluka.

AGOGO: Kalulu ndi nzeru zake zonse anangokhala, kumamupaka?

MDZUKULU: Anali m'khola. Ndiye mu 1933, ku London komweko, gulu la Ernest Kennaway linatenga phula lolemera matani awiri, n'kumalisungunula, kulisefa, kulisefanso, mpaka linatsala ndi kaufa kachikasu ka magalamu ochepa. M'kaufako ndi mmene munali mkuluyu.

AGOGO: Matani awiri ndi matumba 40 a feteleza. Kusefa matumba 40 kuti upeze kodzaza chikhatho cha khanda! Amenewo ndiye ankagwira ntchito, osati iwe.

MDZUKULU: N'chifukwa chake sitingabwereze zimenezo pa kemikolo iliyonse. Tikadikira zaka 150 pa imodzi, tonse tidzakhala titapita.

AGOGO: Nanga a Benzowa amapha bwanji? Ali ndi ululu ngati wa mphiri?

MDZUKULU: Paokha alibe ukali. Thupi lathu ndi limene limawanola. Akalowa m'mapapo, thupi limafuna kuwatulutsa, ndiye limawasintha kuti asungunuke m'madzi. Posinthapo, ena amasanduka chinthu chomata, chimene chimakakakamira pa DNA. Imeneyo ndi kalata ya malangizo imene ili m'selo iliyonse, yolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Chimakonda kumata pa G. Selo ikamakopera kalatayo kuti igawikane, ikafika pomatidwapo imalemba chilembo cholakwika. Zolakwikazo zikagwera pamalo oletsa selo kuswana mwachisawawa, chotupa chimayamba.

AGOGO: Ndiye kuti thupi limadzipalira lokha moto pofuna kuzimitsa.

MDZUKULU: Eya. Tsono akatswiri anazindikira kuti makemikolo omata pa DNA ambiri ali ndi zizindikiro zofanana m'kapangidwe kake. Mu 1988 John Ashby ndi Raymond Tennant anatenga makemikolo 222 amene anayesedwa kale pa mbewa ndi makoswe ku America, n'kuyerekeza kapangidwe kake ndi zotsatira zake. Lero kompyuta timaiphunzitsa ndi oyesedwa kalewo: awa anabweretsa zotupa, awa ayi. Tikaipatsa yachilendo, imaunika n'kunena kuti iyi yafanana ndi gulu liti.

AGOGO: Kuweruza ndi nkhope. Mwana iwe, ukudziwa chifukwa chake azakhali anga anathamangitsidwa pamudzi? Maso ofiira. Anthu amvekere maso a mfiti. Chonsecho anafiira ndi utsi wa m'khitchini, akuphikira anthu omwewo.

MDZUKULU: Pamenepo mwalasa. A Benzo ali ndi mapasa awo, benzo-e-pyrene. Zopangira zake n'zofanana ndendende, timphete tisanu tomweto, kungoti kamodzi kanamera pena. Koma bungwe loona za khansa la IARC, la ku Lyon m'dziko la France, linaika woyambayo m'gulu la opezeka olakwa, pamene mnzakeyo umboni womumangira sunakwane. Kompyuta yophunzitsidwa mwaulesi ingawamange onse awiri.

AGOGO: Monga apolisi a pa msika.

MDZUKULU: Ndipo ena oopsa imawaphonya. Asibesitosi alibe timphete. Amapha chifukwa ndi timinga tosaoneka tosasungunuka, tokhala m'mapapo zaka makumi. Nkhope yokha siikwanira. Ndiye timafunsanso kuti amayenda ndi yani.

AGOGO: Makemikolo amayenderana?

MDZUKULU: M'thupi, kemikolo iliyonse ili ndi malo amene imakonda kugwira, mapuloteni akutiakuti. Pali nkhokwe za pa intaneti, ina amaitcha CTD, ina STITCH, zimene zinasonkhanitsa kuchokera m'malipoti a kafukufuku masauzande kuti yakuti imagwira pakuti, yakuti imatchulidwa limodzi ndi yakuti. Munthu sangawerenge zonsezo ngakhale atapatsidwa moyo kawiri. Kompyuta imaluka ukonde. Timaipatsa maina a odziwika kale kuti amakhudzana ndi khansa ya m'mapapo, monga arsenic, cadmium, nickel ndi a Benzo. Iyo imayang'ana kuti ndi ndani wina amene amagwira malo omwewo, amene amapezekapezeka pakati pawo. Wopezeka kwambiri amakwera pamwamba pa mndandanda.

AGOGO: Woyenda ndi mbala ndi mbala. Zimenezo amfumu amazidziwa osapita ku Zomba. Koma tandiyankha. M'mudzi muno alipo anthu amene sasowa pamaliro alionse. Munthu akangotsirizika, iwo afika kale ndi makasu. Galasi lako lingati chiyani za okumba manda?

MDZUKULU: Lingawaike pamwamba penipeni.

AGOGO: Ehe!

MDZUKULU: Musaseke, zimachitikadi. Pali mankhwala otchedwa cisplatin amene madokotala amapereka kwa odwala khansa ya m'mapapo. M'malipoti, dzina lake silisiyana ndi dzina la matendawa. Ukapanda kuiuza kompyuta kuti isiyanitse wobweretsa matenda ndi wobwera kudzachiza, imawaunjika mtolo umodzi. Imaona kuti awiriwa sasiyana, koma chimene chawakumanitsa siichidziwa.

AGOGO: Ndiye kuti ingamange ngakhale abusa.

MDZUKULU: Ingathenso kuyamikira wolakwa. Ngakhale anthu enieni zinawagwerapo. Ankaona kuti odya masamba ndi zipatso zambiri sadwaladwala khansa ya m'mapapo, ndiye anaganiza kuti chowateteza ndi beta-carotene, chija chimapatsa karoti ndi maungu mtundu wake. Ku Finland anayesa pa amuna osuta oposa 29,000, ena kuwapatsa mapiritsi ake, ena ayi. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa omwa mapiritsiwo.

AGOGO: Ndinkadziwa ine kuti maungu si abwino. Ukawauze agogo ako aakazi.

MDZUKULU: Maungu alibe mlandu. Ndanena mapiritsi, mwa anthu osuta. Mfundo yanga ndi yakuti mndandanda wa kompyuta suthera pagalasi. Okwera pamwamba timawatengera ku labotale, kukawayesa pa mabakiteriya monga anayambitsira Bruce Ames m'ma 1970, kenako pa maselo, mwina pa mbewa, n'kukafufuzanso anthu amene amagwira nawo ntchito. M'malo moyesa 10,000, uyamba ndi 50.

AGOGO: Ndiye kuti ndi kapitawo wosankha oti akaonekere kubwalo. Woweruza ndi wina.

MDZUKULU: Mwamva tsopano. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi yachitatu. Imayambira pa wodwala. Paja ndati a Benzo amamata pa G? Kemikolo iliyonse yowononga DNA ili ndi kalakwitsidwe kakekake. Dzuwa likapsereza khungu limasiya zolakwika za mtundu wina, utsi wa fodya za mtundu wina. Chotupa chimodzi chimakhala ndi zolakwika masauzande, zosakanikirana, zina za ukalamba, zina za utsi. Diso la munthu silingazilekanitse. Mu 2013 gulu la ku Sanger Institute, pafupi ndi Cambridge, linaika mu kompyuta DNA ya zotupa zoposa 7,000. Masamu anazilekanitsa n'kupeza mitundu ya zidindo yoposa 20. Chidindo cha nambala 4 chinkapezeka kwambiri m'mapapo mwa osuta.

AGOGO: Mapazi! Tsopano ukuyankhula zomveka. Mbuzi ikabedwa, ine sindipita kwa sing'anga. Ndimadzuka mame asanaume n'kuyang'ana pansi. Wa nsapato za matayala amadziwika, wopanda chala amadziwika.

MDZUKULU: Ndipo mapaziwo anakapezeka pakhomo penipeni. Mu 1996 ofufuza ku America anaonetsa kuti chomata cha a Benzo chimakakamira pa malo enieni a chigawo cha DNA chotchedwa p53, malo omwewo amene amapezeka owonongeka m'zotupa za m'mapapo mwa osuta. Chigawo chimenecho ndi chimene chimaimitsa selo yowonongeka kuti isaswane. Mu 2016 anawerengera ndithu: wosuta paketi imodzi patsiku kwa chaka amawonjezera zolakwika pafupifupi 150 m'selo iliyonse ya m'mapapo.

(Agogo apukuta manja pa thalauza, atulutsa kachikwama ka pulasitiki m'thumba la jekete, ang'amba kapepala ka m'kope lakale, ayala chingambwe, apichira, anyambita m'mphepete.)

MDZUKULU: Agogo.

AGOGO: Pitiriza, ndikumva. Nkhani yokoma imafuna kautsi.

MDZUKULU: Agogo, ndangonena kumene 150.

AGOGO: Wanena paketi. Ukuona paketi pano? Zimenezo ndi ndudu za kufakitale, zothira mankhwala a azungu. Uyu ndi wa kuseri kwa khola, ndinabzala ndekha, manyowa a mbuzi zanga. Galasi lako silimudziwa.

MDZUKULU: Likumudziwa bwino. A Benzo sawathira ku fakitale, amabadwa pamoto. Tsamba lililonse likamafuka, iwo afika. Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 ndi odziwika kuti amayambitsa khansa. Wina woopsa kwambiri, NNK, amachokera ku chikonga cha m'tsamba momwemo, ndipo amayamba kupangika fodya akamauma. M'chigafa ngati chino, pamikangala iyi.

AGOGO: Tsitsa mawu! Fodya amamva. Ukufuna atsike giredi?

MDZUKULU: NNK ameneyo ukapatsa khoswe, kaya pomubaya kaya m'madzi akumwa, chotupa chimakatulukira m'mapapo. Amadziwa njira yake.

AGOGO: Ine si khoswe. Ndinayamba kusuta Kamuzu asanakhale wamuyaya, ndipo ndaika m'manda anthu ambiri osasuta. Ena anali a kwaya.

MDZUKULU: Si osuta onse amadwala, n'zoona. Koma pa odwala khansa ya m'mapapo 100, pafupifupi 85 imachokera ku fodya. Ndipo zimenezi sanazipeze ndi kompyuta. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayenda m'zipatala za ku London ndi mapepala, kufunsa odwala mafunso. Doll poyamba ankakayikira phula la m'misewu ndi utsi wa galimoto. Iye mwini ankasuta. Ataona mayankho akuunjikana mbali imodzi, anasiya kusuta kafukufuku asanathe. Anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 92.

AGOGO: Mwina akanapitiriza akanafika 100.

MDZUKULU: Doll anatsatiranso madokotala aamuna oposa 34,000 kwa zaka 50. Osuta moyo wonse ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10. Osiya ali ndi zaka 30 ankabweza pafupifupi zonse. Ngakhale osiya ali ndi zaka 60 ankapindula zaka zitatu.

AGOGO: Nanga wa 75 amapindula chiyani? Lachiwiri ndi Lachitatu?

MDZUKULU: Amapindula kukwera chitunda cha kutchalitchi osaima kawiri ngati mmene munachitira dzulo.

AGOGO: Ndinkaona mbewu za anthu. Koma tandiuza, dona wa sayansi. Fizi ya ku Zomba inachokera kuti? Kabokosi kali pamiyendo pakoko anagula ndani? Belo wakhalirayo ndi ya chiyani? Mfiti imene ukuisakayo ndi imene inakulera.

MDZUKULU: Ndikudziwa, Agogo. Tsamba lililonse la m'mabuku anga linachokera pa tsamba ili. Sindinabwere kudzatentha chigafa. Ngakhale boma lili pamphanda pomwepa: mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, chonsecho ndalama zakunja zambiri zikuchokerabe ku fodya.

AGOGO: Ndiye boma likasiya, inenso ndisiya.

MDZUKULU: Boma silitsokomola usiku. Inu ndakumvani.

AGOGO: Chimenecho si cha fodya. Ndi cha ku Joni. Ndinatsika mumgodi wa golide ndili mnyamata, pa Wenela. Tikamaboola mwala, fumbi linkachita kuti mnzako ali apa osamuona, ukalavula malovu ngati phala. Tinabwerera pamene Kamuzu analetsa ulendowo, ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anzathu oposa 70. Lemba m'galasimo fumbi la ku Joni, tione ngati silituluka.

MDZUKULU: Lilimo kale. Fumbi la mwala limenelo ndi silica, ndipo IARC inaliika m'gulu la opezeka olakwa mu 1997. M'migodi yakuya mumakhalanso mpweya wotchedwa radon, wopanda fungo, wotuluka m'miyala. Achimwene anu aja anapita ku Shabani, ku Rhodesia, ankakumba asibesitosi. Onsewo ndi a khansa ya m'mapapo.

AGOGO: Wamva? Galasi lavomereza! Ndi mgodi. Fodya wanga wapezeka wosalakwa. Bwalo libalalike.

MDZUKULU: Silinabalalike. Awiriwa amathandizana. Wogwira asibesitosi amene amasutanso, ngozi yake imaposa kuphatikiza ziwirizo. Fumbi la mu 1973 simungalibweze, lili momwemo. Chimene mungachotse ndi chili pakamwa panucho.

AGOGO: Taona, poyamba unati galasi limalakwitsa, limamanga okumba manda. Lafika pa ine, lasanduka Baibulo.

MDZUKULU: Pa fodya mboni zonse zagwirizana: mafunso a Doll, mbewa zopakidwa phula la ndudu mu 1953, nkhope, mapazi. Palibe mlandu wina m'sayansi ya khansa umene unazengedwa kambirimbiri chotere. Kompyuta tikuifunira ena aja obisala, chifukwa palinso odwala amene sanasutepo chibadwire.

AGOGO: Amenewo imawapeza bwanji khansayo?

MDZUKULU: Ena ndi utsi wa anzawo osuta m'nyumba. Ena ndi mpweya wa m'mizinda, utsi wa dizilo. Ku China kuli dera lotchedwa Xuanwei, m'chigawo cha Yunnan, kumene amayi ambiri sasuta, koma khansa ya m'mapapo inkawagwira kuposa pafupifupi kwina kulikonse m'dzikolo. Ankaphikira malasha ofuka kwambiri, pamoto wa pansi, m'nyumba zopanda potulukira utsi. Mabanja amene anaika mbaula za chumuni, matendawa anatsika ndithu.

AGOGO: Nanga nkhuni?

MDZUKULU: Utsi wa malasha m'nyumba uli m'gulu la opezeka olakwa. Wa nkhuni uli m'gulu lotsatira, la okayikiridwa kwambiri. Umboni wake sunafike pa wa malasha, koma a Benzo alimo. Mukayang'ane denga la khitchini ya agogo aakazi, mmene mwaye walendewera ngati ndevu. Akhala akupuma zimenezo katatu patsiku chikwatiwire.

AGOGO: Ndiye kuti chifuwa changachi ndi khitchini ya agogo ako!

MDZUKULU: Inu munalowamo liti m'khitchini?

AGOGO: Ndimadutsa pakhomo pokatenga khala loyatsira.

MDZUKULU: Loyatsira chiyani?

AGOGO: Usandizenge ngati loya. Tinene za mayi wachikulireyo. Tichite chiyani, tisiye kudya?

MDZUKULU: Tiboole mawindo awiri oyang'anizana m'mwamba mwa khoma. Nkhuni ziziuma kaye. Kukakhala kopanda mvula aziphikira panja. Chitetezo mbaula imachepetsa nkhuni, koma utsi ukapanda potulukira umakhalabe momwemo.

AGOGO: Mawindo ndiboola mawa. Umenewo ndi mlandu wa khoma, khoma silidandaula. Taona mmene ndikumverera sayansi. Tsono popeza galasi lili pompano, lembamo dzina langa, lione ngati ndili nayo.

MDZUKULU: Silipima anthu. Zimenezo n'za kuchipatala. Chifuwa chopitirira masabata awiri amayeza makhololo, kuona ngati ndi TB. Akapanda kupeza, kapena mankhwala a TB akatha chifuwa chilipobe, pamafunika kujambula ndi kufufuza zina, chifukwa matenda awiriwa amafanana zizindikiro, ndipo khansa imabisala kumbuyo kwa TB mpaka mochedwa. Mukawauzenso za mgodi ndi za fodya, osabisa.

AGOGO: Za mgodi ndikanena, ndi chaka chomwe. Za fodya akafunse okha.

MDZUKULU: Ndipita nanu Lolemba. Ndikanena ndine.

AGOGO: Lolemba ndikudinda mabelo, jeke ndabwereka ya tsiku limodzi.

MDZUKULU: Lachiwiri.

AGOGO: Lachiwiri kuli mlandu wa malire kwa amfumu, ndine mboni.

MDZUKULU: Mlandu umenewo unatha chaka chatha, munandiuza pafoni kuti munapambana.

AGOGO: Achita apilo.

(Kunja kumveka mawu a agogo aakazi: "Kodi m'chigafamo mukufuka chiyani? Mwayatsa moto pafupi ndi fodya?")

AGOGO: Mayo! Tenga ichi, ponda, ponda msanga! Kupiza ndi kabokosiko utsi utuluke. Kachikwamaka ika m'chikwama chako, pansi pa mawaya.

MDZUKULU: Bwanji mukunjenjemera?

AGOGO: Amadziwa kuti ndinasiya pa Khirisimasi. Ndinalumbira pamaso pa akulu ampingo awiri.

MDZUKULU: Ndiye akandipeza nako ine?

AGOGO: Unene kuti ndi sampulo ya kafukufuku. Iwe amakukhulupirira, uli ndi digiri.

MDZUKULU: Sampulo ikalowa m'chikwama changa siibwerera, Agogo. Ndipo Lachiwiri tikwera kabaza wa 6 koloko.

AGOGO: Umbava wa masana! Chabwino, Lachiwiri. Koma ukatsegula pakamwa, mbuzi yaikazi ija ndinakulonjeza ndikugulitsa Loweruka. (Akweza mawu.) Palibe moto kuno, mayi! Ndi makina a mwanayu, akatentha amatulutsa kafungo!